Ndinati Ndi Mbuzi

Mwana wanga Tadala anandifunsa tanthauzo la Circassian, dzina la gule amene ankaphunzira kusukulu. Ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa. Ndinangoti, "Ndi mtundu wa mbuzi."

Mawa lake pageti la sukulu ku Wolverhampton, ku England, tinakumana ndi mayi a mnzake, okhawo amene amandipatsa moni. Tadala anawauza monyadira zimene ndinamuphunzitsa.

Mayiwo anasiya kumwetulira. "Circassian ndi ine. Ndife anthu. Makolo athu anathamangitsidwa kuchoka kumapiri a Caucasus."

Tadala anandiyang'ana, kudikira kuti ndivomere kuti ndine ndinamuuza.

"Iwe, unamva molakwika," ndinatero, n'kuwerama msanga kuti ndimange zingwe za nsapato zake.

Nsapatozo zinalibe zingwe.