Kamera ya a Zimba inandidyera nkhope ya mwana wanga

Mwana wanga Tiwonge alibe chithunzi cha ukwati wake chooneka nkhope. Mwana wa wojambula zithunzi! Ine amene ndinapalasa njinga zaka khumi ndi zinayi, kuchokera pa boma la Lundazi mpaka ku Chikomeni, kujambula maukwati a eni. Chondiwawa kwambiri n'chakuti amene anandichita zimenezi ndi munthu wakwathu.

Munali mu Ogasiti 1999, nditangogulitsa fodya. Ukwati unali utatsala milungu iwiri. Ndinati mwana mmodzi yekhayu ndimujambule ndi kamera yapamwamba, chithunzi chake akachipachike kunyumba kwake ku Kasungu, kwawo kwa mwamuna. Ndinakwera minibasi ya 5 koloko m'mawa, kufika ku Chipata cha m'ma 10, fumbi mpaka m'makutu.

Sitolo ya makamera imene ndinalowa inali ya a Zimba, obadwira ku Chikomeni. Mayi awo ndinkawajambula ine kutchalitchi. A Zimba atandiona anachita kutuluka kuseri kwa kauntala, n'kundilonjera m'Chitumbuka chakwathu.

"Monile adada! Muli uli? Bwelani, pano ni panyumba."

Mpando uwu, chakumwa chozizira ichi. Ine mtima m'malo.

Anatulutsa kamera yochokera ku Joni, yosafuna filimu. Umalowetsamo kadisiki ka kompyuta, chithunzi n'kuchiona pomwepo pa kagalasi kakumbuyo. Ndinafunsa zinthu ziwiri basi. Kodi chithunzi chake chingakulitsidwe? Anati ngakhale chikule ngati chitseko, tsitsi ndidzaliwerenga limodzilimodzi. Nanga changu chake? Anaseka.

"Adada, imwe mukalibe kuphethila, iyo yajambula kale, kudala. Filimu inafa. Manje ni ya anthu osadziwa."

Anandionetsa mmene imajambulira. Anajambula chiyani? Wailesi ya pashelefu. Kenako botolo la chakumwa changa chija. Kodi wailesi imathawa? Kodi botolo limachita manyazi? Ine kupusa, ndinawaombera m'manja.

Mtengo unali mamiliyoni awiri a kwacha yathu ya ku Zambia, ine ndinali ndi miliyoni imodzi ndi theka. Anati ndisavutike, ndingosiya kamera yanga yakale ya filimu. Anati ilibe ntchito, akungondithandiza poti ndine wakwawo. Ndinaivula m'khosi, pamodzi ndi lamba wake wachikopa amene anandisokera wokonza nsapato pamsika, n'kuwasiyira. Ndinawathokozanso.

Amene simunajambulepo ukwati wakwathu mvetserani. Mkwatibwi amazyolika tsiku lonse, ndiwo ulemu wake. Amadzutsa mutu pokhapokha mlangizi wokhala pambali pake akamugunda ndi chigongono, monga pamene apongozi abwera ndi mphatso. Amayang'ana, kumwetulira pang'ono, n'kuzyolikanso. N'chifukwa chake ine sindinkayang'ana mkwatibwi ayi, ndinkayang'ana chigongono cha mlangizi. Chikangosuntha, ndadina. Zaka zonsezo sindinaphonyepo.

Tsiku la Tiwonge, 2 koloko masana, apongozi ake anabwera akuvina ndi chitenje m'manja. Chigongono chinasuntha. Ndinadina. Kamera inayamba kuganiza. Kanyali kuphethiraphethira. Pamene imati ijambule, mwana anali atazyolika kale. Kenako kadisiki kaja kanayamba kulira m'kati ngati chigayo, osandilola kudinanso.

Anadzutsa mutu katatu tsiku limenelo. Kachitatu anayang'ana ine bambo ake, misozi ili lengelenge, akumwetulira. Ndinaziona ndi maso angawa. Ndinadina mpaka chala kuwawa. Pa kagalasi panatuluka chophimba kumutu choyera ndi maluwa apulasitiki. Zithunzi zitatu, mitu itatu yozyolika. Thukuta linali kamukamu, anthu akundiyamikira kuti a bambo a Tiwonge afika patali.

Lolemba ndinapita ku ofesi ina pa boma yomwe inali ndi kompyuta, kuti mwina zotsalazo zipulumuke. Titakulitsa chimodzi kufika pa kukula kwa pepala wamba, nkhope ya mkamwini inasanduka timabokosi. Chitseko chija ndi chimenechi? Tsitsi lowerengeka lija lili kuti?

Loweruka ndinabwerera ku Chipata. Ndinafika 10 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Mayi wa pakauntala anati abwana atuluka, abwera manje manje. Ulendo uno mpando panalibe. Ndinaima pakhonde mpaka 4 koloko.

A Zimba anatsika m'galimoto atavala suti, duwa pachifuwa, akuchokera kojambula ukwati. M'khosi mwawo munali kamera yanga. Ndinaidziwira lamba uja.

Ndinawafotokozera zonse. Chitumbuka chinali chitatha tsopano. Anati katundu wogula sabwezedwa, zinalembedwa pa lisiti. Anati vuto ndi chala changa, ndimayenera kuuza mkwatibwi kuti aime kaye osagwedezeka. Kuuza mkwatibwi adzutse mutu n'kuima ngati wailesi, pamaso pa apongozi? Munthu wa ku Chikomeni angalankhule zimenezi?

Ndinaloza m'khosi mwawo. Ndinati nanga filimu ija inafa, bwanji mwapita nayo ku ukwati? Yankho lawo sindidzaliiwala.

"Ah, adada, ukwati si masewela. Ukaphonya, sizibwelela. Niyenela kunyamula yodalilika."

Ndiye kuti ankadziwa. Pamene ankanditsegulira botolo, pamene ankanditchula adada, ankadziwa.

Inu mukufuna kamera yodula, musamvere za pabokosi. Muuzeni wogulitsayo atuluke nanu panja, ajambule nkhuku yothamanga, chithunzicho achikulitse inu mukuona. Ndipo muyang'ane imene iyeyo amanyamula akamapita kuntchito yake. Yakale yanu musaisiye, ngakhale akupatseni moni wa kwanu.

A Zimba, ngati muli moyo, ndiyankheni. Ndinakulakwirani chiyani? Pakhoma la Tiwonge ku Kasungu pali chithunzi cha mutu wozyolika. Anachipachikabe, poti anajambula ndi bambo ake. Alendo akafunsa, amaloza ndi chala n'kunena kuti, "Ndine ameneyo, apa ndinali nditangomwetulira kumene."