Zithunzi za Mayi a Jenifer

A Zakaria Makaiko ndinawadziwira pakhonde. Ine ndine telala, dzina langa ndi Yunusu, ndipo makina anga akhala pakhonde la sitolo ina pa Domasi kuyambira ndisanakwatire. Chitseko choyandikana ndi makinawo chinali cha situdiyo yawo. Kanali kachipinda kamodzi, muli benchi, kalilole wothyoka pakona, ndi chinsalu chachikulu chojambulidwa nyumba zosanja chimene anthu ankaimirira kutsogolo kwake. Ine ndinkasoka madiresi a ukwati, iwo n'kumawajambula ali m'thupi mwa eni ake. Ubwenzi wathu unayamba choncho, osapangana.

Masiku amenewo munthu wa kamera ankalemekezeka. A Zakaria ankapalasa njinga kuchokera ku Naisi mpaka kumidzi ya kuseri kwa Mishoni, kamera ili pachifuwa, buluku atalimanga ndi mphira m'akakolo kuti tcheni lisalidye. Pa ubatizo, pachinkhoswe, potsekera sukulu, anthu sankayamba kudya iwo asanafike. Akapita ku Zomba kukatsukitsa filimu, pobwera ankapeza eni zithunzi atadzaza kale khonde lathu, ena atakhala pansalu zanga.

Kenako kunabwera mafoni. Aliyense anayamba kudzijambula yekha, mkono uli m'mwamba ngati akuimitsa minibasi. Situdiyo inatsala ndi tizithunzi ta ziphaso basi. A Zakaria sanadandaule mokweza. Anagula kamera yopanda filimu kwa mphunzitsi wina amene ankasamuka, nayamba kujambula zinthu zimene palibe anawatuma: nkhungu ikutsika m'phiri la Zomba, akakowa m'minda ya mpunga, njinga zolemedwa ndi nkhuni zikukankhidwa pachitunda.

"Chithunzi cha nkhungu adzagula ndani, achimwene?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Palibe," anayankha akupukuta galasi la kamera ndi kansalu kamene anatola pansi pa makina anga. "Koma nkhungu sidandaula kuti ndaijambula yakuda."

Amene anasintha zinthu ndi mwana wawo, Jenifer, namwino wa ku Blantyre. Atabwera pa Khirisimasi ina anaona zithunzizo, nawatsegulira tsamba pa intaneti. Kwa miyezi anthu ankangoika tizala toloza kumwamba. A Zakaria ankandionetsa foni n'kumati, "Onani, andikondanso. Koma chala sichigula sopo." Jenifer sanatope. Anatumiza zithunzi zina kumasamba amene anthu akunja amagulako zithunzi zoika m'mabuku ndi pamakalenda. Zambiri anazikana, akuti zinali zosawala bwino. Za akakowa ndi za nkhungu anazilandira, ndipo mwa apo ndi apo kanthu kankalowa pafoni, kokwanira shuga ndi mphira wa njinga.

Tsiku lina Jenifer anaika patsambalo chithunzi chimene anachipeza pakati pa zinzake osafunsa bambo ake. Chinali cha mayi ataima m'munda wa mpunga, madzi ali m'miyendo, dzanja lili m'chiuno, akuyang'ana kuphiri. Nkhope sinkaoneka. Chithunzicho chinaonedwa ndi bambo wina dzina lake Malcolm, amene ali ndi nyumba yoonetsera ndi kugulitsira zithunzi ku Blantyre, ija amati galare. Anaimba foni n'kufunsa ngati panali zithunzi zina za mayi ameneyu.

Zinalipo zodzaza katoni. Mayiyo anali a Dyna, akazi awo a a Zakaria, munthu amene ankadana ndi kamera kuposa wina aliyense m'chigwa chino. Pachithunzi cha ukwati wawo anatsinzina. Lamulo lawo linali lakuti kamera izithera pachipata. Koma a Zakaria, kuyambira nthawi ya filimu, ankawajambula mwakabisira, ali kumunda, ali kumtsinje, ali panjira yochokera kutchalitchi.

M'mawa mwake a Zakaria anadzakhala pabenchi langa mpaka ndinamaliza kupinda siketi yonse.

"A Malcolm akufuna zithunzi za mayi a Jenifer zikapachikidwe pakhoma, anthu azigula," anatero potsiriza.

"Eni ake mwawauza?"

"N'chimene ndabwerera. Mundiperekeze."

Tinawapeza a Dyna akupeta mpunga pabwalo. A Zakaria anayamba ndi nkhani ya mvula, kenako ya mtengo wa feteleza. A Dyna anawadula.

"Bambo a Jenifer, nenani chimene mwabwerera. A Yunusu sasiya makina masana popanda maliro."

Anafotokoza, maso ali pankhuku zimene zinkatola madeya. A Dyna anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti mukufuna kundigulitsa ndili moyo?"

"Ayi, ndi zithunzi chabe."

"Zithunzi za ndani?"

Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

"Bweretsani ndizione," anatero.

Tinayala zithunzi pamphasa. A Dyna anapukuta manja pachitenje n'kuyamba kutola chimodzichimodzi. Panali china akuwoloka mtsinje wa Domasi, Jenifer ali khanda kumsana. China chinali cha manja okha akumanga mtolo wa mpunga. China atagona tulo pabenchi la kuchipatala, botolo la mankhwala lili pamiyendo. Atafika pachithunzi chimene anaima okha pamanda a mayi awo, anachipisa m'bulauzi.

"Ichi si cha anthu," anatero.

Anatola china, akuseka pakamwa pali yasa, mpata wa dzino limene linagulukapo ukuonekera. "Ichi chipse."

"Ichi ndiye ndimachikonda," a Zakaria anatero motsitsa mawu.

A Dyna anawayang'ana amuna awo ngati akuona mlendo. Anachiika pambali. "Ndiye chikhale m'nyumba muno." Anapitiriza kusankha, ndipo atafika pachithunzi cha m'munda chija anagwedeza mutu. "Kani ine ndikupsa ndi dzuwa apa, inu munali kuseri kwa nthochi ndi kamera? Khasu munali mutalisiya pati?"

Ndinalephera kudzigwira, ndinaseka. Nawonso anaseka, ndipo ndinadziwa kuti mlandu watha. Koma anaika lamulo limodzi. M'zithunzi zambiri anali atavala zakumunda, matope okhaokha, ndipo sankafuna anthu a ku Blantyre aganize kuti alibe zovala. Anafuna chimodzi ajambulidwe atavala yunifolomu ya Mvano, ataima pamasitepe a tchalitchi ku Mishoni, akuyang'ana kamera. Bulauzi yake ndisoke ine, yatsopano.

Ndinaisoka. Lachinayi lotsatira anaima pamasitepepo ali chilili ngati msilikali, duku lili mbuu, ndipo sanatsinzine. A Zakaria anajambula kangapo.

Tsiku lotsegulira chionetsero tinakwera minibasi atatu, Jenifer n'kutichingamira ku Limbe. Galareyo inali chipinda chachikulu cha makoma oyera. Zithunzi zinali zitakulitsidwa, zili m'mafulemu akuda, ndipo anthu ankayenda pang'onopang'ono, kulankhula monong'ona ngati ali kuchipatala. A Malcolm anali munthu waulemu, koma chithunzi cha Mvano anali atachitsamiritsa kuseri kwa tebulo. Anati chinali chosiyana ndi zinzake, chinkaoneka ngati cha mu situdiyo.

A Zakaria, munthu amene sindinamumvepo akukangana ndi kasitomala, anati, "Bambo, chimenecho chikapanda kupachikidwa, tichotsa zonse tibwerere nazo."

A Malcolm anawayang'ana, anayang'ananso a Dyna, kenako anakatenga nyundo okha. Anachipachika pafupi ndi khomo.

A Dyna anazungulira chipinda chonse, kachikwama kali kukhwapa, akumvetsera zimene anthu ankanena za iwo. Mayi wina wovala magalasi anaima nthawi yaitali pachithunzi cha m'munda. Atatembenuka anawaona a Dyna, nayang'ananso chithunzicho.

"Kodi ndinu, mayi?"

"Ndine. Tsiku limenelo ndinali ndi malungo, koma udzu sukanadikira."

"Mayi anga ankaima chonchi," mayiyo anatero. "Dzanja m'chiuno chonchi. Ndilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi."

A Dyna anamugwira mkono, ndipo awiriwo anacheza ngati anadziwana kale. Mayiyo anagula chithunzicho. Zina zinagulidwa masabata otsatira, zina zinabwerera. Cha Mvano palibe anachifunsa, ndipo a Dyna sanadandaule. Chionetsero chitatha anakachitenga okha, n'kubwera nacho atachikhazika pamiyendo mu minibasi, akukalipira kondakitala kuti asachitsamire.

Sindinganene kuti a Zakaria analemera. Njinga ndi yomwe ija, ndipo munthu akafuna kachithunzi ka chiphaso amamukhazikabe pabenchi n'kumuuza kuti akweze chibwano. Koma tsopano a Malcolm amawaimbira akafuna zatsopano, malo ena ogona alendo kuphiri amagulitsa tizithunzi tawo tating'ono, ndipo Jenifer akaweruka kuntchito amayankha anthu a pa intaneti. Chimene chinasintha kwambiri n'chakuti a Zakaria anasiya kubisala. Akajambula munthu amapita kukamuonetsa, n'kumufunsa ngati alola kuti chikaoneke kutali. Ena amakana, ndipo iwo amafufuta pomwepo munthuyo akuona. Ena amalola, n'kupempha kuti chikagulidwa awakumbukire, ndipo amawakumbukiradi.

Mwezi wathawu Jenifer anabwera kudzacheza, natiitana tonse kuti tione foni. Mayi wina wa ku Ulaya anali atagula pa intaneti chithunzi cha a Dyna atasenza mtolo wa nkhuni, akuyang'ana cham'mbali, ndipo anatumiza chithunzi choonetsa pamene anachipachika m'nyumba mwake. A Dyna anatenga foniyo, n'kukulitsa ndi zala ziwiri monga Jenifer anawaphunzitsira. Anayang'ana khoma, anayang'ana zenera, kenako anatsinya nkhope.

"Andiika kukhitchini," anatero. "Onani mbale zili mbwee, zosatsuka. Jenifer, mulembere mayi ameneyu, umuuze kuti ndikumuona."

"Amayi, sizitheka zimenezo."

"Lemba."

Jenifer analemba akuseka, misozi ili m'maso. Tsiku lotsatira, ndikusoka yunifolomu za sukulu, a Zakaria anatulukira pachitseko cha situdiyo atanyamula foni m'mwamba. Mayi uja anali atatumiza chithunzi china. Mbale zonse zinali zotsuka, zitandandalikidwa bwinobwino, ndipo pansi pa chithunzi cha a Dyna anali ataikapo maluwa m'kapu.