Disiki ya Achikulire Itayamba Kugogoda

Achikulire ena ankalondera nyumba ina ya maofesi ku Msheireb, kuno kudziko la eni, ine ndinkakonza makompyuta m'nyumba yomweyo. Tinadziwana tsiku lomwe ndinawamva akutukwana geti m'Chichewa. Kuyambira pamenepo tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, nkhani yake imodzimodzi: modemu.

Kale ku Limbe anali mesenjala pa ofesi ina yomwe inali ndi intaneti ya modemu, yodzera pa waya wa foni, ija inkayamba yalira ngati mphaka wopondedwa mchira isanalumikize. Kwa iwo kunalibe chothamanga kuposa chimenecho.

"Aphwanga, chinthu chija chinkachita kukuwa ndi liwiro. Zanu zamasiku anozi zimangoti zii."

"Nanga bwanji mabwana ankakutumani panjinga, disiketi ya mafayilo ili m'thumba la shati?"

"Ankafuna ndiwongole miyendo."

Ndinkawauza kuti zodzadza disiketi imodzi, modemu inkazikoka kwa mphindi zingapo tsiku labwino, ndipo wina akangonyamula foni, basi muyambirenso. Iwo panjinga ankafika uthengawo usanafike theka. "Bambo, inuyo ndi njinga yanu munkaiposa modemu," ndinkatero. M'malo monyada, ankakwiya.

Lachisanu lina, tsiku la ofu, anatulukira kunyumba kwanga ku Al Sadd atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje. Inali hadi disiki yakale, ya timapini tambirimbiri kumbuyo, yomwe timati IDE. Anaichotsa m'kompyuta ya mwana wawo yomwe inapsa. Mayi akunyumba, akazi awo, anamwalira iwo ali kuno, maliro anangoonera pafoni, ndipo mawu a mayiwo anatsala malo amodzi okha: nyimbo ya kutchalitchi yomwe anaimba pabalaza, mwanayo n'kujambula.

"Mundichotsere nyimbo imeneyo basi. Khalasi, zatha."

Kabokosi kolumikizira disiki zotere ndinali nako. Laputopu yatsopano inali pomwepo patebulo, ntchito ya kanthawi kochepa. Koma ine mkangano ndi ndiwo yanga. Pansi pa tebulo panali chikompyuta chakalekale chomwe ndinatola kuntchito atachitaya, cha USB yoyambirira yeniyeni. Ndinalumikiza kumeneko, ndipo m'malo mofufuza nyimboyo, ndinakopera foda yonse, kuti kamzere kosonyeza ntchito kayende pang'onopang'ono achikulire aonerere.

"Taonani, bambo. Disiki yanuyi payokha ndi liwiro lenileni, koma ndaidutsitsa dala pa khomo lopapatiza, USB yokalamba ngati inu. Komabe zomwe ikunyamula pa sekondi imodzi, modemu yanu inkatha nazo mphindi zitatu."

"Bodza."

"Werengani nokha manambalawo."

"Manambala amalemba ndi anthu."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinawathirira tiyi, n'kuyamba kuwayala mndandanda ngati mphunzitsi: modemu kumchira, disiketi patsogolo pake, kenako USB yakaleyi, IDE kutsogolo kwenikweni. Njinga yawo ndinaiika pakati. Ndili pakati podzitama choncho, disiki inati go. Kenako go, go, go.

"Mwamva?" anatero achikulire, nkhope ili ngwee. "Yayamba kulira. Ndiye kuti tsopano ikuthamanga."

Sindinaseke. Aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti disiki ikayamba kugogoda, ikutsanzika. Kuizula kuti ndisamutsire ku laputopu sindikanayerekeza, chifukwa ikazima mwina sikanadzukanso. Mafayilo anali ndi manambala m'malo mwa mayina, nyimbo ili pati sindinkadziwa. Kamzere kaja kanali kasanafike ndi theka lomwe. Eyakoni inali ikuwomba mphepo yozizira, koma ine thukuta kamukamu.

"Bambo, disikiyi ikufa. Ndipo ndalakwa ndine. Ndikanalumikiza uku, bwenzi titamaliza kalekale."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana laputopu ija. Anaika kapu pansi mwaulemu kwambiri, ulemu woopsa uja.

"Ndiye munkasewera?"

"Ndinkasewera."

"Yala, tiyeni, ilimbikitseni ifike."

Panalibe choilimbikitsa nacho. Tinangokhala duu, anthu awiri akuluakulu, kupenyerera kamzere kakukwawa. Moyo wanga wonse sindinalakalakepo liwiro ngati masana amenewo. Disiki inagogoda kangapo, n'kuti zii.

Tinatsegula zomwe zinawoloka. Zithunzi za ukwati wa eni ake, homuweki ya mwana, kalata yofunsira ntchito. Fayilo ya mawu inalipo imodzi yokha, kakang'ono. Ndinaitsegula.

Simunali nyimbo. Munamveka kukoka mpando, kenako mawu a mayi, akuthwa bwino:

"Iii, inu bambo a ana, mwamuuza ayatse kale? Sindinakonzeke! Ndipo inuyo musaimbe nawo, mumasokoneza ndi chimawu chanucho. Khalani uko!"

Kenako kuseka kwa mwana, basi yatha. Kunali kuyesa chabe. Nyimbo yeniyeni inatsalira tsidya lija, chifukwa cha ine ndi pakamwa pangapa. Manyazi anandigwira moti ndinalephera kutukula mutu. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo ndikanavomera chilichonse.

Ndinamva akufwenthera. Nditayang'ana, anali akuseka, misozi ili chuchuchu mpaka pa kolala.

"Ndi iyeyo ameneyo," anatero. "Zaka zonsezi palibe wandikalipira bwino chonchi."

Anasendeza mpando pafupi ndi sipika, n'kutchera khutu.

"Bwerezani, aphwanga. Ndipo mukweze."