Mizere ya amayi pakona ya bwalo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene bambo anachotsedwa ntchito n'kupita ku Kasungu kukafuna ina m'maesiteti a fodya. Anatisiya ku Chinsapo, ine, amayi ndi ana awiri onditsatira. Anati abwera mvula isanagwe. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso ina.

Masiku amenewo moyo wanga wonse unali pa bwalo la mpira la kumunsi, kufupi ndi dambo. Anali malo chabe amene munthu anali asanamangepo, ndipo ankakhala bwalo chifukwa choti Loweruka lililonse tinkawajambula. Ine ndinali goloboyi wa timu yathu, komanso mwini phulusa lojambulira, poti amayi ankakazinga mandasi ndipo phulusa kwathu silinkasowa.

Amene anatiphunzitsa kujambula anali a Mhango, amene tinkawaitana kuti achimwene, mnyamata wamkulu wa ku Rumphi woimba kwaya ku tchalitchi, amene ankatiphunzitsa mpira popanda womutuma. Pa nkhani ya mizere anali munthu wotopetsa. Bwalo lizikhala lalitali kuposa m'lifupi, makona akhale owongoka. Ankaponda mapazi akuluakulu akuwerenga chamumtima, ine ndili pambuyo ndi chitini chobooka pansi. Tikatha mzere wapakati, ankakhoma chikhomo pa senta, kumangirira chingwe, n'kuzungulira nacho. Kenako bokosi lalikulu lomwe tinkati eyitini, kabokosi kanga kakang'ono, kadontho ka penate, ndi timizere tokhota ta m'makona. Ukakhotetsa pofunika kuwongola, ankakufufutitsa ndi mapazi ako omwe. Mitengo ya magolo tinkaizula tikatha kusewera, apo ayi mawa lake ikanaphika nyemba za munthu wina.

Madzulo ena a mu Okutobala, amayi akutsuka chiwaya cha mandasi, anati, “Mawa ulawire. Tikapange mizere kubwalo kwanuko.”

Ndinasangalala ngati chitsiru. Amayi anali asanabwerepo n'kamodzi komwe kudzandiona ndikugwira mpira, ndiye ndinati basi, tsopano akufuna kuona ntchito ya phulusa lawo. M'mawa ndinadzaza chitini n'kutsogola. Nditacheuka ndinaona kuti anyamula makasu awiri. Ngakhale pamenepo mutu wanga sunagwire. Ndinati mwina n'ngolambulira udzu.

Anaima pakona ya kumanzere kwa golo langa, pomwe dothi linali lakuda, n'kutula makasu aja.

“Phulusalo n'lachiyani?” anandifunsa.

“La mizere.”

Sanaseke, sanakalipe. “Ine ndikunena mizere ya chimanga. Tenga khasu.”

Ndinalima. Ndikanatani? Khasu langa lomwe ndi limene linadula kamzere kokhota ka pakona kamene ndinajambula ndekha Loweruka lapitalo. Manyazi anali pomwepo, mkwiyo unali pomwepo, koma koposa zonse ndinkaopa kuti anzanga afika. Anafikadi. Anaima chapatali, mpira wathu wachikulunga uli m'khwapa mwa mmodzi. Wina anati, “Goloboyi wadzigoletsa yekha lero.” Anaseka awiri okha, enawo ankangoyang'ana dothi lotembenuzidwalo.

Achimwene a Mhango anafika pomalizira. Anavula chipewa n'kuyandikira mwaulemu.

“Amayi, pepani. Apa ndi pakona pathu.”

“Ndaona, bambo,” amayi anayankha khasu lili m'manja. “Kona imeneyi imalowa mumphika?”

“Ayi, amayi.”

“Nanga ana anga atatuwa adzadya chiyani mu Febuluwale?”

A Mhango anayang'ana mizere ya amayi, anayang'ana ine, thukuta likundiyenderera, kenako anandiuza kuti ndikatha kulima nditenge chitini changa. Masana amenewo, dzuwa likuswa mtengo, tinajambulanso bwalo lonse. Kudula kona yokha anakana, akuti bwalo la makona atatu kulibe. Tinakokera mkati mzere wonse wa m'mbali, ndipo chifukwa cha mzere umodziwo tinasuntha magolo, senta, mabokosi, zonse. Titamaliza anati, “Lachepa, koma likadali bwalo.”

Chaka chimenecho tinasewera chimanga chikukula pambali pathu. Mpira ukagwera m'munda ndinkakautenga ndine, chifukwa anzanga ankawaopa amayi. Ine ndinatha milungu ndikuwayankha amayiwo mokhadzula. Koma phulusa sanasiye kundisungira. Ankalithira m'ndowa yakale n'kuvundikirapo lata kuti lisanyowe, ndipo Loweruka lililonse ndinkapita nalo kukathira mzere m'mphepete mwa chimanga chawo.

Febuluwale atafika ufa unatha m'nyumba, ndipo mandasi sankayenda chifukwa ogula nawonso analibe kanthu. Amayi anayamba kuthyola chimanga chachiwisi pakona paja. Tinkawotcha, tinkaphika, masiku ena ndicho chinali chakudya cha tsiku lonse. Ndinadya, ndipo ndinapempha china.

Chaka chotsatira anthu anali ataona kuti palibe analetsa. Mayi wina analima kona inayo. Bambo wina anakumba dzenje loumbira njerwa kuseri kwa golo la kumtunda. Onsewa tinkawadziwa, ena anali makolo a anzathu a mutimu momwemo. Munthu akalowa, a Mhango ankavula chipewa, kupepesa, kumva yankho, n'kuyambanso kuponda mapazi. Mzere wa m'mbali unasendera mpaka kugundana ndi eyitini. Loweruka lina anakhoma chikhomo pa senta, ndipo atatambasula chingwe kuti azungulire, nsonga yake inakagwera m'mizere ya mbatata. Anakulunga chingwe chija pang'onopang'ono n'kuchiika m'thumba.

“Anyamata, basi,” anatero.

Tsiku limenelo magolo sitinawazule. M'mawa mwake kunalibe.

Lero pamalopo pali nyumba zokhazokha, ndipo ana amasewerera mumsewu, magolo ali miyala, galimoto ikamabwera n'kumapatuka. Ndinakhala zaka zambiri ndikufunafuna woti ndimuloze chala pa nkhani ya bwalo lija, mpaka ndinatopa. Mizere yonse iwiri inali yofunika, ya phulusa ndi ya khasu, koma malo anali amodzi, ndipo ya phulusa inkachoka ndi mvula imodzi. Ndili mwana ndinkaona ngati amayi sankadziwa chimene ankandilanda. Ankadziwa bwinobwino.

Panopa amayi akalamba, ndimakhala nawo ku Area 25. Tsiku lina ndinkaonera mpira pa TV, bwalo lobiriwira, mizere yoyera mbuu yowongoka ngati ya a Mhango. Ndinkaganiza kuti akuwodzera pampando pawo, koma anali akuonera nawo.

“Bwalo lanu lija ndinalidya ndine,” anatero, maso ali pa TV pomwepo.

Ndinatsitsa mawu a TV. Ndinafuna kuwauza kuti ndinaiwala kalekale, koma likanakhala bodza.

“Tinalidya tonse, amayi,” ndinawayankha.