Polishi wa Nsapato pa Kachikwama ka Mayi

Mkazi wanga ali ndi kachikwama kachikopa kopanda lamba, kogwira m'manja kapena kupanira kukhwapa. Anamutumizira mng'ono wake amene amagwira ntchito ku Joni. Ndi kofiirira, kofewa ngati khutu la mbuzi, ndipo m'nyumba mwathu ku Chinyonga mulibe chinthu china chapamwamba kuposa iko. Kumsika sikapita. Kamatuluka pa maukwati basi.

Ine ndimagwira ntchito mosungira katundu ku Makata. Za zikwama sindidziwa, koma nsapato ndimazipolisha bwino.

Patatsala masiku atatu kuti mwana wathu wamkazi akwatiwe, ndinapeza kachikwamako pabedi, pambali pa diresi loyera la mkazi wangayo limene atelala anali atangomaliza kusoka. M'makona munali mutatuwa. Mayi anali atapita kumsonkhano wa komiti ya ukwati. Ndinati mumtima, chikopa ndi chikopa. Ndinatenga burashi ndi polishi wofiirira, n'kukapolisha mpaka kanawala.

Atabwera anakanyamula n'kukapanira kukhwapa monga amachitira. Pokachotsa, bulauzi yake inali ndi mzere wofiirira. Sanakalipe. Anayang'ana bulauziyo, kenako diresi lija.

“Bambo, nsapato sizikhala kukhwapa,” anatero motsitsa mawu.

“Ndimafuna kakongole.”

“Ndikudziwa. Koma Loweruka ndipita chimanjamanja.”

Mawu amenewa anandipweteka kuposa kukalipa. Ndinkadziwa kuti nsalu ya diresi anaisankha atanyamula kachikwamako, kuti zigwirizane.

M'mawa mwake ndinapempha kuweruka masana, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Pakhonde la sitolo ina pamakhala mkulu wina wosoka nsapato ndi zikwama. Anakanunkhiza, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

“Achimwene, mwapaka kangati?”

“Kawiri.”

“Ndiye mumawakonda mayiwo. Ena akanapaka kamodzi.”

Anandionetsa pakona imodzi mopukutira: kansalu koyera, konyowa pang'ono, kuzunguliza modekha, osakhula. Anandiletsa kukaviika m'madzi, kukayanika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, chifukwa chikopa chikauma mwachangu chimang'aluka. Anandipatsanso kachitini ka mafuta a chikopa opanda mtundu.

“Mukasiye pokhapokha nsalu ikatuluka yoyera,” anatero.

Ndinang'amba vesiti yakale n'kuyamba. Lachinayi nsalu zonse zinatuluka zofiirira. Lachisanu, m'nyumba mutadzaza achibale ochokera ku Nsanje, ndinakhala pamthunzi kuseri kwa nyumba ndi kupitiriza. Dzuwa likupendeka nsalu inatuluka yoyera, koma sindinaikhulupirire. Ndinavala shati yanga yoyera ya kutchalitchi, ndinapanira kachikwamako kukhwapa, n'kumayenda uku ndi uku mpaka ndinatuluka thukuta.

Mayi anandipeza ndili choncho. Anaima pakhomo atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

“Kakukhalani, bambo. Mawa mukanyamule ndinu.”

Ndinakweza mkono. Anasuzumira shatiyo mosamala, n'kuipapasa ndi chala. Inalibe banga.

Loweruka anakanyamula. Pa chithunzi chimene chili pabalaza pathu waima pafupi ndi mkwatibwi, kachikwama kali kukhwapa, diresi lili mbee. Kanada pang'ono kuposa kale, ndipo sikanabwererenso mwakale. Ndi ife awiri tokha amene timaona zimenezo.

Kuyambira pamenepo amandipatsa ine kuti ndikasunge. Ndimaikamo mapepala oyera kuti kasaphwanyike, n'kukalowetsa m'pilokesi yakale, osati m'jumbo, chifukwa nthawi ya mvula m'jumbo kamachita chuku. Mafuta aja ndimapaka mwa apo ndi apo, pang'ono chabe. Akamva ndikutsegula wadirobu, mayi amafunsa ali kukhitchini ngati burashi ndaisiya kutali. Ndimayankha kuti ili panja, ndi nsapato.