Mpango wa Che Mubaraki

Che Mubaraki anali telala wapakhonde ku Mbayani, kumtunda kwa mzikiti, pamene msewu wafumbi umakhotera kumsika. Mabuluku aukwati ambiri m'dera lathu anadutsa m'manja mwawo. Langa analisoka mwendo umodzi waufupi, ndipo ndinawakumbutsa zimenezi mpaka tonse tinachita imvi. Iwo ankayankha kuti waufupi ndi mwendo wangawo.

Anali munthu wa mawu aakulu, akaseka mpaka a ku Chirimba ankamva. Kenako mawuwo anayamba kusasa, kupuma n'kumavuta. Kuchipatala anawapeza ndi chotupa chomwe chinkatseka njira ya mpweya. Madokotala anaboola pakhosi, m'munsi mwa kholingo, n'kuikapo kapaipi kopumira. Kapaipiko kanali ndi kanzake m'kati, komasolola n'kutsuka, chifukwa makhololo akaumiramo munthu amabanika. Ntchito imeneyo inali ya akazi awo, mayi Hidaya, m'mawa ndi madzulo. Polankhula ankatseka kabowo ndi chala, mawu n'kumatuluka ngati wailesi yotha mabatire.

Sankafuna kuti anthu adziwe. Anagula mpango waubweya n'kumakulunga khosi lonse, ndipo polankhula ankalowetsa chala kunsi kwake ngati akukonza kolala.

"Che Mubaraki," ndinkatero, "dzuwa lonseli mpango? Mukudikira ndege ya ku Ulaya?"

"Achimwene, musaseke," anandiyankha tsiku lina. "Ndani angabweretse nsalu ya mwana wake kwa munthu wopumira pakhosi? Adzanyansidwa, khonde lino lidzauma. Mukauza munthu, chibale chatha."

Ndinalonjeza. Ngakhale ineyo kapaipiko sankalola kuti ndikaone bwino.

Mu Okutobala, nthawi ya fumbi ndi kutentha, mayi Hidaya anakagona kumaliro ku Bangwe. Che Mubaraki anati kapaipi kadikira. Masana ake anagwa pampando, nsalu ili pamakina. Ine ndinali kometetsa, ngakhale tsitsi langa n'losavutitsa lumo.

Kwathu kuno munthu akakomoka mankhwala ake ndi amodzi, madzi. Mayi Selina, ogulitsa tomato kutsidya kwa msewu, anathamanga ndi ndowa n'kuwakhuthulira kumaso ndi pachifuwa, monga aliyense wachifundo akanachitira. Mpango unanyowa n'kumatirira pabowo, madzi ena n'kulowa.

Nditamva phokoso ndinathamanga, ndipo ndinafika ndowa yachiwiri ili m'njira, milomo ya Che Mubaraki itatuwa. Ndinati, "Siyani madziwo, bambowa amapumira pakhosi," n'kumasula mpango pamaso pa anthu onse. Ena anabwerera m'mbuyo. Mayi Selina anagwira pakamwa. Koma poti ndigwire pa kapaipiko sindinkadziwa.

Dalaivala wa minibasi anatsitsa anthu ake n'kutithamangitsira kuchipatala chapafupi. Namwino sanataye nthawi. Anandifunsa ngati kapaipiko kali ndi kam'kati, ndinati ndinamva choncho. Anakapotoza n'kukasolola, ndipo kanatuluka katatsekeka ndi makhololo ouma osakanikirana ndi fumbi. Analowetsa kapaipi kena kopyapyala kamakina kokoka zotsalira ndi madzi aja. Mpweya wam'botolo anauika pakhosi ndi pakamwa pomwe, ati poti sankadziwa ngati njira yakumtunda inatsekekeratu. Chifuwa chinayamba kukwera ndi kutsika.

Koma madzi anali atafika kale m'mapapo. Chibayo chinawagoneka kuchipatala chachikulu mpaka mvula inagwa.

Anabwerako ataonda, ndipo ndinkaopa kupita kukawaona. Ndinawapeza pakhonde opanda mpango, kabowo ataphimba ndi kansalu kopyapyala kosoka okha, koteteza fumbi basi. Anandiyang'ana, kenako anaika chala pakabowo.

"Pakamwa panu mpobooka kuposa khosi langa," anatero. "Kaitaneni a Selina."

Mayi Selina anali atasamutsa benchi lawo la tomato chifukwa cha manyazi. Anabwera n'kugwada patali.

"Sunthirani kuno, mayi," anatero Che Mubaraki. "Wolakwa ndi amene anabisa. Mayi Hidaya, aonetseni."

Mayi Hidaya anasolola kam'kati kaja, kukatsuka, kukabwezera. Kenako anauza mayi Selina kuti ayese, kenako ine. Che Mubaraki anati tikadzawaonanso atagwa tisasake ndowa, tichotse kansalu, tisolole kameneko, tiitane galimoto.

Makasitomala ena sanabwererenso, zimene ankaopa zija zinachitikadi. Ena anabwerabe, ndipo yunifolomu ya mdzukulu wa mayi Selina inasokedwa pakhonde pomwepo.

Chotupa chija chinawatenga chaka chotsatira, ali pamphasa pawo, mayi Hidaya ali pambali. Tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga mwa Chisilamu. Ine ndinavala buluku lija la mwendo waufupi. Mpango mayi Hidaya anaphimbira makina.