Amayi Anabweza Mawu Awo

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili Sitandade 3 pasukulu ina ku Zingwangwa, pamene ndinayamba kudana ndi dzanja langa. Ndinabadwa wamanzere, ndipo kunyumba sinali nkhani. Bambo ankalondera pakampani ina, amayi ankagulitsa milamba yowamba yochokera kwathu ku Nsanje. Nthawi yoyang'ana kuti pensulo ndaigwira ndi dzanja liti akanaitenga kuti?

Tsiku lotsegulira sukulu amayi anandiperekeza, nanena mawu amene kholo lililonse linkanena: "Madamu, mwanayu ndi wanu. Akalakwa musamunyengerere." Madamuwo, aphunzitsi a kalasi yathu, anawasunga mawuwo kuposa katekisimu.

Anandipatsa dzina loti Namanzere. Akandipeza ndikulemba, ankandigogoda zala ndi rula, kenako n'kukweza dzanja langa m'mwamba. "Ana inu, dzanja ili ndi la ntchito yanji?" Kalasi yonse inkakuwa kuti ndi la kuchimbudzi. Masiku ena ankalimangirira kumbuyo ndi lamba wa yunifolomu yanga. Ndi lamanja ndinkalemba ngati nkhuku yapalasa, ndiye chikwapu chinkabweranso chifukwa cha zolembazo.

Kunyumba sindinanene. Ndikananena bwanji, poti chilolezo anapereka ndi amayi omwewo? Mtima sunkakhala m'malo. M'mawa uliwonse phala linkandikanika. Kenako ndinayamba kujomba. Ndinkavala yunifolomu bwinobwino, n'kukabisala kuseri kwa chigayo, gaga akundiyera m'tsitsi, mpaka anzanga ataweruka. Mumtima sukulu ndinali nditaisiya.

Anandipeza ndi amayi Fatsani, opemphera nawo mumphakati wathu, atabwera kudzagayitsa. Anandigwira pamkono ulendo wa kumsika, ine ndikudziwa kuti lero ndiona zakuda. Koma titafika, amayi anga sanandimenye. Anapukuta manja pachitenje, n'kuyang'anitsitsa zala zanga zotupa.

"Wakupanga ndani?"

Ndinalira kaye, kenako ndinafotokoza zonse. Kunyumba bambo atamva analusa, nati mawa akamuonetsa mphunzitsiyo. Amayi anawaletsa. "Inu mukakalalata n'kubwerako, m'kalasimo mwana atsala ndi ndani? Ndinalakwitsa ndine, ndikakonza ndine."

M'mawa mwake anasiyira mnzawo nsomba, anavala chitenje cha kutchalitchi, n'kutenga amayi Fatsani kuti akhale mboni. Kukalasi sanapiteko. Analunjika ku ofesi ya ahedi, n'kupempha kuti Madamu aitanidwe. Ine ndinaima pakona.

"Madamu," anatero amayi, "ndinakuuzani kuti mwanayu ndi wanu. Ndabwera kudzabweza mawu amenewo pamaso pa ahedi. Mwanayu ndi wanga. Akalakwa mundiitane, kumsika si kutali."

Madamu anati ankangondiwongola, chifukwa manzere ndi mwano. Amayi anatenga dzanja langa n'kuliika patebulo, zala zili chitupire.

"Ahedi, tandiuzani, dzanja ili laba chiyani?"

Ahedi anakanda m'mutu, nati nkhaniyi akambirana okhaokha ngati aphunzitsi. Apo amayi anakhala pansi mu ofesi momwemo, n'kutambasula miyendo, nati sachoka mpaka adziwe kalasi imene ndikalowe. Amayi Fatsani nawonso anakhala pansi. Tsiku lomwelo anandisamutsira kukalasi ina, 3B. Kwa milungu ingapo amayi ankangotulukira pawindo nthawi ya buleki, fungo la milamba lili patsogolo, n'kuyang'ana, n'kubwerera kumsika. Manyazi ndinkachita, koma tulo ndinayamba kugona.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimalembabe ndi manzere, ngakhale munthu akaima kumbuyo kwanga dzanjalo limathawira lokha pansi pa tebulo. Chimene ndinazindikira n'chakuti mwana sadandaula za chinthu chimene akuganiza kuti makolo ake anavomereza kale. Amangomeza, n'kumafota. Ulemu kwa aphunzitsi ndimaupereka, koma ana anga ndimawafunsa, ndipo ndimawayang'ana m'manja ndi m'maso.

Komabe pali chimene chimandisowetsa mtendere mpaka pano. M'kalasi imene ndinachokamo munatsala mnyamata wachibwibwi, Yohane, amene Madamu ankamuimika kutsogolo kuti awerenge anzathu aziseka. Kwawo sikunabwere munthu. Chaka chisanathe ndinkamuona kumsika akunyamula katundu wa anthu, ndipo akandiona ndili m'yunifolomu ankatembenukira kumbali.